Ulemu si kutseka mwana pakamwa

Chivotereni matipate pa 14 June 1993, ife akuluakulu takhala tikulankhula zakukhosi mopanda mantha. Timadzudzula boma, timakangana zandale m'minibasi, ngakhale phungu wathu timamuloza chala. Koma talowani m'nyumba zathuzi, mupeza kuti ulamuliro wa chipani chimodzi udakalipo. Mwana akangoti anene chomwe chamuwawa, yankho lake ndi lomwe lija: "Khala chete iwe! Mwano!"

Tikatero timati taphunzitsa ulemu. Abale anga, mkwiyo sutha chifukwa choti mwautseka pakamwa. Umangobisala n'kudzatulukira pena. Ndi womwe uja timaumva kuti ana a sukulu yakutiyakuti aswa magalasi kapena atentha ofesi chifukwa cha nyemba zofumbwa. Timathamangira kunena kuti demokalase yaononga ana, kuiwala kuti palibe adawaonetsa njira ina yodandaulira.

Chikhalirecho njirayo makolo athu adali nayo kale. Pitani pabwalo la mfumu kwa Kaphuka, kwa Kasumbu kapena kwa Tambala kuno ku Dedza. Munthu amene mbuzi za mnzake zamudyera chimanga amafika mtima ukuwira, koma amakhala pansi, kuomba m'manja, n'kufotokoza zonse osabisa kanthu. Akangotukwana, mlandu umamutembenukira. Kudandaula n'kololedwa, chipongwe ayi. Nanga bwanji ana athu timawakaniza zonse ziwiri?

Inu ogulitsa mbatata ya kachewere pa Chimbiya ndi pa Bembeke, lusoli mulinalo. Kasitomala akanyoza katundu wanu mumameza malovu n'kumuyankha mofatsa mpaka atulutse ndalama. Mwana wanu ndi woposa kasitomala.

Poyamba, mwana akapsa mtima musamuweruze nthawi yomweyo. Munthu amene akulira samva malangizo. Dikirani mtima ukhale pansi, mumuitanire pambali, osati pamaso pa anzake.

Kenaka muthandizeni kutchula dzina la chomwe chili mumtimamo. Kodi ndi mkwiyo, manyazi, mantha kapena nsanje poti mng'ono wake mwamugulira nsapato? Mwana wa zaka zinayi amadzigwetsa pansi chifukwa mawuwo alibe. Mupatseni: "Amayi, zandiwawa kuti mwandikalipira pagulu." Mumvereni mpaka amalize. Kumvera si kuvomera ayi, mukhoza kumukanizabe, koma muuzeni chifukwa chake. Ndipo dziwani kuti ngati bambo ndi mayi mumatukwanana pamaso pake, phunziro lonseli lapita m'madzi.

Ngati mwana akuopa bambo ake, alipo agogo, alipo amalume. Mwambo wathu umadziwa kale za kudzera mwa munthu wina nkhani ikakula.

Wina anena kuti uku n'kulekerera ana. Taganizani izi. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Mtakataka pofika mu 2016 idali itathetsa maukwati a ana oposa 850 ndi kubwezera anawo kusukulu. Koma mfumu siyingakhale pakhomo lililonse. Mtsikana amene chibadwire adauzidwa kuti wamkulu sayankhidwa, adzawapeza kuti mawu oti "sindikufuna" tsiku lomwe amalume adzabwere ndi mwamuna? Nanga akamagwiridwa ndi wachibale kapena mphunzitsi, adzauza yani?

Dziko lathu lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991, ndipo gawo 12 la panganolo limati maganizo a mwana azimvedwa pa nkhani zomukhudza. Pepala lokha silingalere mwana.

Inunso ophunzira, musanatole mwala, sankhani anzanu awiri kapena atatu, lembani madandaulo anu, mukakhale pansi ndi ahedi. Ahedi nawo atsegule chitseko.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Madzulo ano mukaweruka kumsika, mwana akayamba kufotokoza chomwe chamukhumudwitsa, ikani kaye kathumba ka ndalama pambali, mumufunse kuti: "Tanena mwanawe, chavuta n'chiyani?"