Phindu la nkhuku lili m'matumbo a mwanapiye

Ine ndine mmodzi mwa anthu amene adaona anzawo akupha makwacha ndi nkhuku zoyera zija, mabuloyila, nkunena kuti nanenso ndiyese. Mayi a kunyumba adanditengera ngongole ku banki mkhonde, ine nkukagula anapiye 100 a tsiku limodzi. Nditawatenga ndidayamba ndazungulira m'tauni, katoni ili pamiyendo m'minibasi, ndipo ndidafika pakhomo dzuwa litapendeka. Mbaula ndinali ndisanayatse, chakudya ndisanagule. Mnzanga wina adandilimbitsa mtima: "Musavutike achimwene, mwanapiye amatha masiku atatu osadya." Ndidangowapatsa madzi, m'mawa mwake nkuwathirira madeya.

Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, 14 anali atafa ndipo otsalawo anali osiyana misinkhu ngati sadabadwe tsiku limodzi. Anyamata a chiwaya adaziyeza m'manja, nkupukusa mutu, nkutchula mtengo woti sindingaubwereze pano. Ine ndidaloza chala wogulitsa anapiye. Koma mphwanga amene akuphunzira za ziweto adandiuza mosapsatira: "Achimwene, nkhuku zanu mudazilemaza nokha tsiku loyamba lomwe lija."

Adandikhazika pansi, ndipo zomwe adandifotokozera, nkundipatsanso kuti ndiwerenge, ndati ndigawane nanu.

Mnzanga uja sadaname kwenikweni. Dzira limaswa pakatha masiku 21, ndipo likatsala pang'ono kuswa mwanapiye amakokera m'mimba mwake chikasu chotsala cha dziralo. Kamba ameneyu angamusunge ndi moyo masiku awiri kapena atatu. Koma kukhala ndi moyo ndi kwina, kukula ndi kwinanso. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku Hebrew University ku Israel, monga David Sklan, Yael Noy ndi Zehava Uni, adaonetsa kuti m'sabata yoyamba matumbo a mwanapiye amakula mofulumira kuposa thupi lonse. M'kati mwa matumbowo muli timinofu tating'ono kwambiri tooneka ngati zala, ndipo nditomwe timayamwa chakudya nkuchipititsa m'magazi. Chakudya chikalowa msanga, timinofuti timatalika. Chikachedwa, timakwinimbira, ndipo nkhukuyo imavutika kuti ipeze zinzake ngakhale mutaithirira finisha wodula bwanji. Paja akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Nkhaniyi idafika poti Uni ndi mnzake Peter Ferket wa ku America adapeza njira yobayira chakudya m'dzira momwemo lisanaswe, kuti mwanapiye azituluka matumbo atayamba kale ntchito. Taganizani, anzathu akudyetsa mwanapiye asanabadwe, ine ndikumuyendetsa m'minibasi tsiku lonse ndi njala!

Nanga bwanji nkhuku zachikuda za agogo kumudzi zimakula popanda chisamaliro chonsechi? Yankho lake ndi lakuti buloyila ndi nkhuku yothamanga. Mu 2014 akatswiri a ku University of Alberta ku Canada adafalitsa zotsatira za kafukufuku yemwe adalera pamodzi mitundu ya buloyila ya mu 1957, 1978 ndi 2005, chakudya chake chofanana. Pa masiku 56, ya 1957 inkalemera pafupifupi magalamu 900, ya 1978 makilogalamu 1.8, pomwe ya 2005 idapitirira makilogalamu 4. Apa mphekesera yakuti nkhukuzi zimanenepa ndi jakisoni ikutha mphamvu: chidasintha ndi mtundu, chifukwa chosankha mbewu kwa zaka zambiri. Tsono nkhuku yoti mugulitsa pa masabata 6, sabata imodzi yotayika ndi gawo lalikulu la moyo wake. Madeya okha alibe zomanga thupi zokwanira pa liwiro lotere.

Palinso nkhani ya tizilombo. Mwanapiye wa kumudzi amatola zitosi za make, motero amalandira tizilombo tabwino tokhala m'matumbo. Wa m'makina sadziwa make. Mu 1973 Esko Nurmi wa ku Finland ndi mnzake adaonetsa kuti anapiye akapatsidwa tizilombo ta m'matumbo a nkhuku yaikulu yathanzi, amatetezeka ku salmonella, kachilombo komwe kamatsegulitsa m'mimba ngakhale ife anthu. Tizilombo tabwinoto timatsekera malo toipa.

Apa mpomwe ambirife timalakwa. Tikaona nkhuku yazyolika timathamangira makapisozi, ena mpaka kusungunula m'madzi tsiku ndi tsiku kuti akuti zikule msanga. Mankhwala otere sasankha, amapha tizilombo tabwino ndi toipa tomwe, ndipo totsalato timazolowera. Mawa mwana wanu akadwala, mankhwala omwewo sagwiranso ntchito. Dziko la Sweden lidaletsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki pokulitsa ziweto mu 1986, ndipo maiko a European Union adatero mu 2006. Nkhuku yodwala ionedwe ndi alangizi a ziweto, ndipo ikamwa mankhwala isaphedwe masiku olembedwa pa paketi asanakwane.

Ulendo wachiwiri ndidachita mwina. Mbaula ndidayatsa anapiye asanafike, utuchi wouma, madzi oyera ndi sitata nditawaza papepala. Kutacha ndidagwira chithokomiro cha anapiye angapo: chikakhala chodzaza ndi chofewa, ndiye kuti adya ndi kumwa. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri ndidabwereka sikelo kwa mayi wogulitsa nyemba. Mwanapiye wabwino amayenera kulemera kanayi kuposa tsiku lomwe adafika, kunena kuti wa magalamu 40 afike cha m'ma 160 kapena kuposa. Anga adafikadi. Adafa atatu okha, ndipo ngongole ya banki mkhonde tidabweza popanda kulandidwa mapoto.

Pempho langa likupita kwa inu ophunzira, a ku Bunda ndi kwina konse. Nzeruzi zisathere m'mabuku achingerezi ndi m'mayeso. Mayi amene waika mpamba wake wonse pa anapiye 50 kuseri kwa nyumba ku Ndirande kapena ku Kawale akufunika kuzimva m'chinenero chake. Ndipo inu anzanga a geni, tsiku lokatenga anapiye si tsiku lokaona abale m'tauni. Mukawalandira, lunjikani kunyumba.