Sukulu yachisilamu kapena ya boma?

Makolo achisilamu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Kafue, monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, akandifunsa kotumiza mwana, ndimayamba ndi funso limodzi: kodi ana a pasukulupo amalemba mayeso a Examinations Council of Zambia? Popanda satifiketi ya mayeso amenewa, mwana adzavutika kulowa koleji ngakhale ataloweza Korani yonse.

Sukulu zachisilamu, monga ya Makeni Islamic Society Trust ku Lusaka, zimaphatikiza maphunziro a boma ndi achipembedzo. Mwana amaswali pa nthawi yake, mtsikana amavala hijabu popanda womunena. Koma kuchokera ku Kafue kupita ku Lusaka ndi makilomita oposa 40, ndipo basi ya tsiku ndi tsiku imadya ndalama.

Sukulu za boma zilibe fizi kuyambira mu 2022. Komabe musaganize kuti kumeneko kulibe chipembedzo: Zambia idalengezedwa kuti ndi dziko lachikhristu mu 1991, ndipo mapemphero a m'mawa kawirikawiri amakhala achikhristu.

Ngati m'thumba muli moperewera, ndimalangiza kuti mwana aphunzire pasukulu ya boma, akaweruka azipita kumadrasa. Musanamulembetse, kambiranani ndi ahedi za hijabu komanso swala ya Lachisanu.