Mzinda Wojambulidwa ndi Amayi

Lero tikambirana za m'mene mzinda umasinthira amayi akapatsidwa mpata woukonza.

Mzinda usanamangidwe umayamba wajambulidwa papepala. Wojambulayo ndiye amanena kumene kudzadutse msewu, kumene kudzakhale msika ndiponso pamene padzaikidwe nyale za usiku. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inali m'manja mwa abambo, ndipo iwo ankaganizira ulendo umene ankaudziŵa bwino, wochoka kunyumba m'maŵa kupita kuntchito ndi kubwerako madzulo. Koma ulendo wa mayi kaŵirikaŵiri sukhala wolunjika chotere. Iye amaperekeza mwana kusukulu, nkupita kuntchito, nkudzera kumsika, nkukazonda wodwala, ndipo zambiri mwa izi amazichita wapansi, katundu ali m'manja.

Kuti tione chimene chimachitika ulendo wotere ukayamba kuŵerengeredwa, tiyeni tipite ku Vienna, likulu la dziko la Austria, ku Ulaya. M'chaka cha 1991, Mayi Eva Kail, katswiri wokonza mizinda, pamodzi ndi anzawo anakonza chionetsero cha zithunzi chosonyeza m'mene amayi ndi atsikana amayendera mumzindamo tsiku ndi tsiku. Funso lawo linali lakuti: kodi misewu ndi mabwaloŵa mwini wake ndani? M'chaka chotsatira, 1992, akuluakulu a mzinda anatsegula ofesi yoona za amayi, ndipo Mayi Kail ndiwo anali oyamba kuiyendetsa.

Ntchito yaikulu yoyamba inali ya nyumba. M'dera la Floridsdorf munamangidwa nyumba zogona mabanja 357, zotchedwa Frauen-Werk-Stadt, zimene zinatha m'chaka cha 1997. Ozijambula anali amayi anayi, ndipo pulani ya malo onsewo inali ya Mayi Franziska Ullmann. Iwoŵa anaika mazenera moti mayi kapena bambo amene ali m'nyumba athe kuona mwana akuseŵera pabwalo. M'makwerero munaloŵa kuŵala kokwanira kuti munthu asachite mantha. Sukulu ya mkaka ndiponso chipinda cha dokotala zinamangidwa pomwepo, kotero kuti ulendo wautali uja unafupika.

Ntchito yachiŵiri inali ya mabwalo opumirako. Ofufuza anapeza kuti atsikana akafika zaka ngati khumi ankaleka kupita kumabwaloko, pakuti anyamata ankatenga malo onse ndi mpira wawo. Tsono bwalo la Einsiedlerpark linakonzedwanso. Malo aakulu anagaŵidwa m'zigawo, njira ndi nyale zinawonjezeredwa, ndipo atsikana anayamba kubwereramo.

Ntchito yachitatu inali ya misewu. Kuyambira m'chaka cha 2002, m'dera la Mariahilf anakuza njira za oyenda pansi zotalika pafupifupi kilomita imodzi, anaika mipando yopumirapo ndi nyale m'malo amdima, nasintha maloboti ena kuti woyenda pansi aziwoloka mosathamanga.

Pano mwina bambo wina akufunsa kuti: nanga ife tinapindulanji? Yankho lake nlakuti njira imene ili yotakasuka kwa mayi wokankha ngolo ya khanda ili yotakasukanso kwa gogo woyenda ndi ndodo, kwa munthu wa panjinga ya olumala, ndi kwa bambo wosenza katundu. Nyale imene ichotsa mantha mwa mtsikana iunikiranso mnyamata wochokera kuntchito usiku. Amayiŵa sanamange mzinda wa amayi okha ayi. Anangoyamba ndi kufunsa anthu amene kale sankafunsidwa, ndipo mayankho ake anathandiza onse.

Nzoona kuti Vienna ndi mzinda wolemera, ndipo zina zimene anachita kumeneko zimafuna ndalama zambiri. Komabe chiyambi cha zonsezi chinali kufunsa, ndipo kufunsa sikulira ndalama. Akulu akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene amadziŵa pamene pamachita matope, ndi ngodya imene saidutsa dzuŵa likaloŵa, ali nazo nzeru zimene sizioneka papepala.

Motero, omvera athu, mukadzamva kuti kwanuko akukambirana za malo omangapo msika, mjigo kapena pokwerera basi, mudzaŵerenge amayi amene ali pamsonkhanopo, ndipo mudzaone ngati apatsidwa mpata wolankhula. Tsalani bwino.