Ku Raymore Drive, mtsinje anaubwezera malo ake

Ambiri mwa ife okhala ku Etobicoke timapita kukapitidwa mphepo ku Raymore Park osadziwa kuti tikuponda pamabwinja. Usiku wa pa 15 Okutobala 1954, namondwe wa Hazel anasefukiritsa mtsinje wa Humber, madzi n'kukokolola nyumba 14 za mumsewu wa Raymore Drive. Anthu 35 a mumsewuwu anatisiya. Kwa ife amene tinalira abale a ku Chilobwe mu 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope a phiri la Soche, nkhaniyi si yachilendo.

Chimene akuluakulu a kuno anachita bwino n'chakuti analetsa kumanganso m'chigwamo. Anatenga malowo n'kuwasandutsa paki, kuti mtsinje ukakwiya uzipeza udzu ndi mitengo.

Komabe mvula yamkuntho sinaleke. Pa 8 Julaye 2013 inagwa yokwana mamilimita 126 pabwalo la ndege la Pearson, ndipo zipinda zapansi, momwe obwera kumene ambiri amachita lendi, zinadzaza madzi. Lero ntchito ina ili pakhomo: lamulo la mzinda wa Toronto limafuna kuti madzi a padenga azithira pakapinga kapena m'dimba, asamalowe m'mipope ya zonyansa imene imasefukira m'nyumba za anzathu.