Kalata ya Chikondi Yochokera ku Manila

Akristu anzanga, makolo ndi ana, mwezi uno tikambe za kachirombo kamene sikagwira munthu kapena ng'ombe, koma kagwira kompyuta. Dzina lache lina ndi vayirasi. Kalibe moyo ai. Ndi malamulo ochepa olembedwa ndi munthu, amene auza kompyuta kuti iwachulukitse, ndi kuwatumiza kwa inzache.

Mwezi wa May, chaka cha 2000, anthu a m'maofesi ku Asia, ku Ulaya ndi ku America analandira kalata ya pa intaneti, mutu wache ILOVEYOU, ndiko kunena kuti ndikukonda. Pamodzi nayo panadza fayilo yooneka ngati kalata ya chikondi. Munthu akangoitsegula, kachirombo kanaononga zithunzi zache zosungidwa m'kompyuta, ndipo kanawerenga maina onse a m'buku la makeyala la Microsoft Outlook, nikadzitumiza kwa iwo onse m'dzina la mwini kompyutayo. Taonani kuchenjera kwache! Kalata sinafike ndi dzina la mlendo, inafika ndi dzina la mlamu, la bwenzi, la mkulu wa pa ntchito. Nanga ndani abweza kalata ya mlamu wache osaiwerenga? M'masiku owerengeka makompyuta mamiliyoni anagwidwa, ndipo ngakhale Nyumba ya Malamulo ya ku London inayamba yatseka makalata ache.

Amene anakalemba ndiye Onel de Guzman, mnyamata wophunzira za makompyuta ku Manila. Sanaweruzidwe, pakuti dziko la Philippines linalibe lamulo loletsa zotere. Analipanga mwezi wotsatira, madzi atatayika kale.

Msampha umenewu sunakalambe. Lero ufika pa foni, m'uthenga wa WhatsApp wonga wochokera kwa mwana wanu wa ku Johannesburg, wakuti tsegulani apa muone zithunzi, kapena mulandire mphatso. Ine ndiyesa kuti chikondi cha makolo ndicho chitseko chimene mbala izi zigogodapo koposa. Chifukwa chache musafulumire chala. Muimbireni mwanayo, mumve mau ache, mumfunse ngati anatumizadi kanthu.

Tizirombo tina tilowa posatsegula munthu, pa mng'alu wa m'kompyuta momwemo. WannaCry, mu May 2017, kanamanga mafayilo m'maiko oposa 150 ndi kufuna dipo, ndipo zipatala zina za ku England zinabweza odwala. Koma Microsoft inali itatulutsa chigamba cha mng'aluwo mwezi wa March. Amene anagwidwa ndiwo amene sanachiike. Tsono kompyuta ikapempha kukonzedwa mwatsopano, iloleni, ngakhale idye ndalama za intaneti.

Inunso alembi a pa parishi, fulashi imene yayenda m'masitolo osindikiza makalata musaibaye m'kompyuta ya ofesi isanapimidwe ndi pulogalamu yosaka tizirombo. Maina a obatizidwa ndi a okwatira muwasunge pawiri, pena m'chosungira chosalumikizidwa ku intaneti, ndipo buku lalikulu la pepala lija lilembedwebe ndi dzanja.