Mutu 6: Mfuti m'komboni ndi chilolezo, si ufulu

Mbava zikathyola nyumba ku Chawama kapena ku George mu Lusaka, m'mawa mwake pokwerera minibasi sipasowa munthu wodandaula kuti, "Boma litilole tonse tigule mfuti, ndi ufulu wathu." Mawu amenewa ndi obwereka. Eni ake ali ku America, kumene malamulo oyendetsera dziko akhala akuteteza ufulu wosunga zida kuyambira mu 1791, ndipo bungwe la National Rifle Association, lomwe linayamba mu 1871, limalimbana ndi wandale aliyense wofuna kuuchepetsa. M'malamulo oyendetsera dziko la Zambia mulibe ndime yotere. Kuno mfuti imayendera lamulo la Firearms Act, Chapter 110, ndipo lamuloli limapereka chilolezo basi.

Tiyeni tione ndondomeko yake. Choyamba, wopempha akhale atakwanitsa zaka 21. Chachiwiri, apite kupolisi, akafotokoze chimene akufunira mfutiyo, ndipo apolisi akakhutira ndi pamene khonsolo imapereka laisensi. Apa ndiime kaye, chifukwa ambiri amasokonezekera pomwepa. Ufulu umabadwa nawo, ndipo wofuna kukulanda ndiye ayenera kupereka chifukwa. Chilolezo ndi chosiyana: wopempha ndiye amapereka chifukwa, ndipo wopatsayo akhoza kukana kapena kulanda. Zili ngati laisensi yoyendetsera galimoto. Ili ndi dzina lako, imatha ntchito, ndipo sungaibwereketse kwa mlamu wako.

Nanga bambo akamwalira? Pogawa katundu wa maliro, anthu amaika mfuti pamodzi ndi njinga ndi wailesi, mwana wamkulu n'kuitenga. Kumeneko n'kulakwa. Laisensi inali ya malemu, ndipo mwanayo akapezeka nayo popanda mapepala ake ndi mlandu, ngakhale mfutiyo ikhale gogodela wa agogo wochokera ku Petauke. Ena amaipatsa mlonda wa pagolosale kuti azigona nayo. Ena amaikulunga m'chitenje n'kuilowetsa pansi pa matiresi, m'chipinda chimodzi cha lendi momwe katani ndiye khoma, ana anayi akusewera pomwepo, chitseko chake cha loko wa K30. Mbala ikalowa masana eni ake ali ku Soweto Market, imatuluka ndi chida chimene inalibe.

Za zipolopolo ndi kukonzanso laisensi ikatha, apolisi adzakuuzani.

Ofuna mfuti ali ndi mfundo yomveka. Ku Kanyama nthawi ya dzinja misewu imasanduka madambo, galimoto ya polisi singafike msanga, ndipo wa ku Kabulonga ali ndi mpanda wamagetsi ndi kampani ya alonda pamene wa ku Mtendere ali ndi wenzulo ndi anansi. Koma taonani imfa zimene zinagwedeza mzinda uno. Pa 8 Julaye 2016 Mapenzi Chibulo anawomberedwa apolisi akubalalitsa otsatira chipani cha UPND, msonkhano wawo wa ku Chawama utaletsedwa. Mu Febuluwale 2020, nthawi ya mphekesera za anthu opopera mpweya wapoizoni m'nyumba, mwana wasukulu Frank Mugala, wa zaka 14, anafa ndi chipolopolo ku Chazanga. Pa 23 Disembala 2020 Nsama Nsama, loya wa boma, ndi Joseph Kaunda anawomberedwa apolisi akubalalitsa khamu lomwe linaperekeza mtsogoleri wa UPND, Hakainde Hichilema, kukafunsidwa mafunso kupolisi. Ndipo otsatira chipani cha PF awiri amene anaphedwa ku Kanyama kumapeto kwa Julaye 2021, mpaka pulezidenti wa nthawiyo Edgar Lungu n'kutulutsa asilikali m'misewu, anachita kukhapidwa ndi zikwanje.

Pa imfa zonsezi palibe imene ikanalephereka chifukwa choti mayi wogulitsa tomato anali ndi mfuti m'chikwama. Mkangano wathu weniweni ndi wa mfuti zimene zili kale m'manja mwa boma, ndi anyamata achipani amene amayenda ndi zida akudalira kuti bwana wawo adzawatulutsa m'chitokosi. Andale amaikonda nkhaniyi akakhala otsutsa, akalowa m'boma amaiiwala.

Ngati m'nyumba mwanu muli mfuti yopanda mapepala, kaya ya malemu kaya yotola, musadikire kuti apolisi adzaipeze okha. Pitani mukawauze, akatenge.