Agogo a kwa Ndake Ayambanso Kuthamanga

Anthu a kwa Ndake, m'boma la Nyimba, ankaidziwira pa kutsokomola Corolla ya alamu anga. Ndi ya 2004, injini ya 1NZ-FE, imodzi mwa zija zimachoka ku Japan zitatumikira kale n'kulowa m'Zambia kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Inali itadutsa makilomita 300,000 itasenza nthochi za pa Nyimba, matumba a mtedza ndi anthu opita kumaliro. M'mawa inkalira mochita kunyengerera. Ikaima pasiteji inkanjenjemera, kenako zii, yazima. Pa zitunda za ku Kacholola, mumsewu wa Great East, inkakwawa pa giya yoyamba, amathiraki akuiimbira hutala kumbuyo. Ana anaitcha Agogo.

Kanyali ka check engine kanayaka kalekale. Alamu anakamata tepi yakuda, amvekere, "Kakundithobwa m'maso." Aphungu sanasowe ayi. Uyu akuti mapulagi, anagula. Uyu akuti petulo wa m'zigubu, anasiya. Ena ankanong'ona za anthu ansanje. Mapeto ake alamu anayamba kusunga ndalama zogulira injini ina.

Amene anatembenuza zinthu ndi mnyamata wina wokonza magalimoto ku Petauke. Sanakhudze sipanala. Anagwada pansi pa chiwongolero, n'kulowetsa kachipangizo ka ELM327 pa soketi ya mabowo 16 ya OBD-II, njira yoyezera magalimoto imene inakhala lamulo ku America mu 1996, ndipo foni yake inaonetsa P0171.

"Atata, injini yanu sinafe," anatero. "Ikungomeza mpweya wolowera pazenera."

Injini ya petulo imafuna magawo pafupifupi 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera kwake. Sensa ya pa ekizozi ikaona kuti mpweya wachuluka, kompyuta imawonjezera petulo. Ikawonjezera mpaka kutopa, imalemba P0171. Injini ya V6 imalembanso P0174, kunena mbali yachiwiri. Ambiri akangomva zimenezi amathamangira kugula sensa yatsopano, ndipo kumeneko ndi kutaya ndalama, chifukwa nthawi zambiri sensayo yangonena zimene yaona. Nambalayi sitchula chimene chafa.

Mnyamatayo anatsegula pamene palembedwa fuel trim, poonetsa kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuwonjezera. Injini ikulira payokha, panalembedwa +28 peresenti. Anauza alamu kuti aponde mpaka 2,500 rpm: inatsika kufika +11. Anaseka. Injini ikamalira pang'onopang'ono imakoka mpweya wochepa, choncho wolowa mozemba umasokoneza kwambiri. Mukaponda, umamira mu unyinji wa unzake. Zikanakhala kuti nambala ikukwera poponda, akanakayikira pampu yofooka, sefa ya mafuta yotsekeka kapena mainjekita.

Anatenga chidutswa cha paipi, mbali ina pakhutu, ina akuyendetsa pa injini. Pafupi ndi manifodi panamveka tswii. Kanali kapaipi ka PCV, kouma gwa ndi kutentha kwa zaka zonsezi. Pamwamba kankaoneka kabwinobwino, koma atakapinda, kunsi kunatseguka mng'alu wolowa chikhadabo. Kenako anamasula sensa ya MAF, yowerenga mpweya, pafupi ndi eyakilina. Timawaya take tiwiri tinali titavala fumbi lofiira la m'misewu yakumudzi, n'chifukwa chake inkawerenga mopereweza ndipo galimoto inkafooka pachitunda. Anaipopera mankhwala ake osakhudza timawayato, anaiyanika, n'kusintha kapaipi ndi eyakilina. Atafufuta nambala ija n'kuzungulira tauni, foni inaonetsa +3.

Abale, kubwerera kwake! Injini inalira kamodzi kokha, tsee, ngati mashini osokera odzozedwa kumene. Pa mphambano ya Petauke alamu anaima dala kudikira kuti izime, koma sinazime. Anapitirira kwawo mwadala kukayesa zitunda za ku Kacholola, ndipo Agogo anakwera pa giya yachitatu, kupitirira thiraki yodzaza simenti. Alamu anatsitsa galasi n'kubayibitsa dalaivala wake, nthungululu ili m'mwamba kuchokera kumpando wakumbuyo, kumene achemwali anga anali atafumbata nthochi. Kumudzi ana sanathamangire kumsewu, poti sanamve kutsokomola. Anangodzidzimuka galimoto ili pakhomo. Amene ankanena za ufiti tsopano akufunsa njira ya ku Petauke.

Akanachedwa, chisangalalochi sichikanabwera. Injini yoperewera petulo imayaka motentha kwambiri, ndipo pakapita nthawi imatha kupsereza mavavu. Alamu anapulumuka zisanafike pamenepo. Ndalama zimene ankasungira injini ina anagulira feteleza wa chimanga.